Dambo la Njovu lopanda njovu: mbiri ya Elephant Marsh

Mwezi uno alembi athu anandipatsa ine ntchito yolemba za ulendo wathu wa ku dambo. Ndinavomera msanga poganiza kuti ndingolemba kuti tinanyamuka nthawi yakuti, tinaona zakuti, tinabwerako bwino, basi. Koma funso limodzi la mwana wa Sitandade 6 linandisokoneza mutu, moti ndatha masabata awiri ndikufunsa akuluakulu komanso kuwerenga mabuku amene ndinabwereka kwa aphunzitsi anga akale a History. Ndiye pirirani nane, nkhaniyi yatalikirapo.

Mmene tinayendera

Tinalipo 12, kuphatikizapo mng'ono wake wa mnzathu wina amene anachita kulira kuti timutenge. Tinanyamuka tambala woyamba atangolira, chifukwa nonse mukudziwa dzuwa la Chigwa cha Shire mu Seputembala: ikangokwana 9 koloko nthaka imayamba kuotcha ngati chiwaya. Tinayenda wapansi pafupifupi maola atatu, kudutsa m'madimba a chimanga, mbatata ndi nyemba, mpaka pa doko la asodzi la kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Kumeneko tinakambirana ndi eni mabwato, tinagawana m'mabwato atatu, n'kulowa m'timisewu ta madzi ta pakati pa bango ndi gumbwa.

Abale, kukongola kulipo. Maluwa a nyika anali atayala pamadzi, timbalame ta zala zitalizitali tikuyenda pamwamba pa masamba ake osamira. Akakowa anali mbuu m'mbali mwa madzi. Nkhwazi inalira pa mtengo wa mgwalangwa, ina n'kuyankha chapatali. Tinaona atsekwe, abakha a m'madzi, nantchengwa, ndi mavuwo angapo akusambira pamodzi. Pa mchenga wina panali mbalame zakuda kumsana, zoyera kumimba, za milomo yofiira, zimene zimauluka mlomo wam'munsi ukudula madzi pofuna tinsomba. Alendo odzaona mbalame amazitchula kuti African skimmer, ndipo ena amachokera kutali kudzangoona zimenezi. Mvuu tinazimva kaye kubuula tisanazione, ndipo opalasa anatizungulitsa kutali. Ng'ona imodzi inatsetserekera m'madzi mwakachetechete moti ena sanaione n'komwe.

Ndiye kamnyamata kaja kanandikoka malaya n'kufunsa kuti, "Achimwene, paja mumati kuno ndi ku Elephant Marsh. Nanga njovuzo zili kuti?"

Tonse tinaseka. Koma bambo wachikulire amene amatipalasira sanaseke. Anangoti, "Njovu zinatsala m'dzina, mwanawe." Kenako anapitiriza kukankha bwato. Ine kuseka kunandithera pomwepo, chifukwa ndinazindikira kuti ndamaliza Folomu 4, ndinalemba mayeso a History, koma sindikanatha kumuyankha mwanayo za dambo limene landidyetsa mlamba chibadwire.

Dambo limeneli linabwera bwanji

Tiyambire pa madzi. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, amadutsa ku Liwonde, amagwa m'mathithi angapo mpaka a Kapichira, kenako amafika m'chigwa chathu chino momwe malo ndi athyathyathya. Akafika kuno amayenda pang'onopang'ono. Ku Chiromo amakumana ndi Ruo, mtsinje wochokera ku phiri la Mulanje umene umabwera ndi liwiro komanso mchenga wambiri. Mchengawo umaunjikana pa mathiriro, ndipo Ruo akadzaza amatsekereza Shire mpaka madzi kubwerera m'mbuyo. Madzi osowa kolowerawo amamwazika m'chigwa, kuyambira chakumunsi kwa Chikwawa mpaka ku Chiromo m'boma la Nsanje. Ndilo dambo lathuli. Nthawi ya mvula limakula, nthawi ya chilimwe limabwerera n'kusiya dothi lachonde limene timalimapo madimba.

Amang'anja anakhala m'mbali mwa damboli kalekale mzungu asanaponde kuno, pansi pa mafumu monga Lundu ndi Tengani. Ankalima, ankasodza, ankaphika mchere, ankaomba nsalu za thonje, ndipo mvula ikavuta ankatumiza nsembe kwa Mbona ku Khulubvi. Njovu ankakhala nazo, kuzisaka ndi mikondo ndi mbuna, kuzithamangitsa m'minda. Koma ndi zida zimenezo sakanazimaliza.

Mzungu amene anawerenga njovu 800

Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire kuchokera ku Zambezi, ali ndi John Kirk, pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ma-Robert. Sitimayo inkadya nkhuni zochuluka ndipo inkayenda mwa befu. Podutsa m'dambo lino pa maulendo awo a chaka chimenecho anaona njovu zambirimbiri. M'buku limene Livingstone ndi mng'ono wake Charles anatulutsa mu 1865 lofotokoza za ulendo wa pa Zambezi, analemba kuti nthawi ina anawerenga njovu 800 zikuoneka pa nthawi imodzi. Dzina loti Elephant Marsh linachokera pamenepo.

Taganizirani anzanga, 800. Sukulu yathu ya sekondale yonse, kuyambira Folomu 1 mpaka 4, sitinkafika chiwerengero chimenecho. Ndipo izi zinali zooneka ndi maso kuchokera pa sitima, osawerengera zobisala m'bango.

Ma-Robert inakakanika pa mathithi a Kapichira, amene Livingstone anawatcha Murchison, ndipo anapitiriza wapansi mpaka kukafika ku nyanja mu Seputembala 1859. Pambuyo pake panabwera amishoni, ndipo mtsogoleri wawo, Bishopu Charles Mackenzie, anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pokumanira Ruo ndi Shire. Udzudzu wa m'dambo muno sunayambe lero.

Mmene njovu zinathera

Zaka zotsatira zinali zowawa m'chigwa muno. Kunali nkhondo za ogula akapolo, ndipo mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala imene inapha anthu ambiri. Pa chisokonezo chimenechi Amakololo, amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kutsalira kuno, anakhala mafumu chifukwa anali ndi mfuti. Maina ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya amene tikuwadziwa lero anachokera kumeneko.

Mfuti itafika, nyanga ya njovu inasanduka ndalama. Ku Ulaya ndi ku America ankafuna minyanga popanga zinthu monga mabatani a piyano, zipeso ndi zigwiriro za mipeni. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala, inkayendetsa sitima pa Shire ndipo minyanga inali pakati pa katundu amene inkagula. Alenje achikuda ankapha njovu kuti agule nsalu, onga ndi mfuti zina. Alenje achizungu ankapha pofuna malonda, ena pongofuna kutchuka. Ndipo dambo lathu linali m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu wa nthawi imeneyo, womwe ndi mtsinje. Aliyense wolowa m'dziko muno kuchokera ku nyanja ya mchere ankadutsa pomwepa, mfuti ili m'manja.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti sipanatenge zaka mazana. Munthu amene anali mnyamata pamene Ma-Robert inkadutsa, anakalamba njovu zitasowa kale m'dambo. M'badwo umodzi wokha basi.

Chitetezo choyamba: 1897

Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Britain, Harry Johnston ali mtsogoleri wa boma. Ataona kuti nyama zikutha, boma la atsamunda mu 1897 linalengeza kuti Elephant Marsh ndi nyanja ya Chilwa ndi malo otetezedwa a nyama. Amenewa ndiwo anali malo oyamba otere m'dziko muno. Inde anzanga, Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe, onsewa ndi ana. Woyamba kubadwa ndi dambo lathu lomweli.

Koma chitetezo chimenechi sichinakhalitse. Njovu zinali zitachepa kale. Lamulolo linalembedwa mu Chingerezi ku Zomba, ndipo eni dambo sanafunsidwe. Kwa munthu wa m'mudzi, tanthauzo lake linali lakuti nyama imene makolo ake ankadya yasanduka mlandu, pamene mzungu wogula chiphaso ankasakabe malo ena. Nanga munthu angasamale bwanji chinthu chimene amulanda? Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo mpaka ku Blantyre inatsegulidwa. Ulimi wa thonje unakula. Anthu ambiri, makamaka Asena, ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa ntchito yokakamiza ndi misonkho ya Apwitikizi, ndipo onsewa ankafuna malo olima. Patangopita zaka zochepa boma lomwelo linafafaniza damboli pa mndandanda wa malo otetezedwa.

Dambo limene limapita n'kubwera

Pali chinthu china chimene sindinkachidziwa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka bwino kulowa mu Shire. Mbali yaikulu ya dambo inauma, anthu analowamo n'kutsegula minda ndi midzi. Kenako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nyanja inakweranso, Shire anabwerera ndi mphamvu, n'kumiza minda yonseyo. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, mwana wa m'chigwa chomwe chino, anafotokoza za kusintha kumeneku m'buku lake la mu 1990 lonena za mbiri ya alimi a kuno kuyambira 1859 mpaka 1960.

Nditawafunsa agogo anga aakazi za zimenezi, anati mayi awo ankaloza pakati pa madzi n'kumati, apo panali munda wathu. Agogo ankayesa nthabwala za okalamba. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, zimene amanena zimakhala ndi pochokera.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 zinthu zinapitiriza kusintha. Mu 1965 anamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, moti kuchuluka kwa madzi a mu Shire kunayamba kudaliranso dzanja la munthu. M'zaka zomwezo minda ya nzimbe ya ku Nchalo inatsegulidwa kumadzulo kwa dambo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Nsanje ndi Chikwawa analandira othawa kwawo ochuluka zedi, ndipo onse ankafuna nkhuni, nsomba ndi pogona. Palibe amene tingamuloze chala pamenepa, munthu wothawa mfuti ayenera kudya. Koma dambo ndi limene linasenza katundu yenseyo.

Zimene zinachitika kwa anansi athu

Nyama zimene zinatsala m'chigwa zinathawira kumtunda kouma. Lengwe anatetezedwa mu 1928 makamaka chifukwa cha nyala, ndipo anakhala paki mu 1970. Mwabvi ku Nsanje ndi Majete ku Chikwawa anatetezedwa m'zaka za m'ma 1950. Koma nakonso pepala lokha silinathandize. Pofika 1992 njovu za ku Majete, zimene zinalipo zoposa 200, zinali zitaphedwa zonse. Zipembere, mikango, njati, zonse zinatha.

Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa Majete. Anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira nkhalango yonse, analemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira, n'kuyamba kubweretsa nyama pa malole. Zipembere zinabwera mu 2003, njovu zinayamba kubwera mu 2006, mikango mu 2012. Njovuzo zinaswana mpaka mu 2017 zina zinatengedwa kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota. Ndiye yankho lachidule kwa kamnyamata kaja n'lakuti: njovu zilipo, zili ku Majete, kuseri kwa waya.

Koma apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Majete anatheka chifukwa ndi nkhalango yoti mutha kuizinga ndi waya, anthu kunja, nyama mkati. Dambo lathu simungalizinge. Malire ake amasuntha chaka ndi chaka. Mkati mwake muli asodzi, muli madimba, muli ng'ombe zodya msipu, muli amayi odula bango la mphasa, ndipo chaka cha njala muli mabanja athunthu okumba nyika, ng'ona zili pomwepo. Mukati muchotse anthu m'dambo, mwapha chigwa chonse. Njira ya ku Majete kuno singagwire.

Chitetezo chachiwiri: 2017

Mu 2017, patatha zaka 120 chilengezereni chitetezo choyamba chija, Elephant Marsh inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Panganoli linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran. Malo amene analembedwa ndi mahekitala 61,556, ndipo ndi malo achiwiri otere m'Malawi muno, oyamba ndi nyanja ya Chilwa. Mwaona? Awiri omwe aja a mu 1897 akumananso.

Kusiyana kwake ndi kwakuti pangano la Ramsar silithamangitsa anthu. Limanena zogwiritsa ntchito dambo mwanzeru: kusodza, kulima, kudula bango, koma mosiyira mawa. Silibwera ndi waya kapena asilikali ambirimbiri. Kunena mosabisa, ndi pepala lina basi. Likhala lamphamvu kapena lopanda ntchito malingana ndi zimene mafumu, makomiti a m'madoko, a nthambi ya zanyama ndi ya zausodzi, ndi ife achinyamata tichite.

Ndipo zimene tinaona pa ulendo wathu si zokongola zokhazokha. Tinaona ukonde wa udzudzu, womwe uja wa kuchipatala, ukukokedwa m'madzi, mkati muli tinsomba tosakwana chala. Tinaona namasupuni atatseka njira moti opalasa anachita kutsika n'kukankha. Tinaona malo amene bango linatenthedwa, pomwe mbalame zimaikira mazira. Bambo otipalasira aja anatilozera malo amene kale mponda sunkafika pansi, lero madzi ndi a m'mawondo chifukwa cha mchenga wochokera ku mapiri amene mitengo yake inapita ku makala.

Mchenga umenewu ukutikhudza tonse, ngakhale amene alibe nazo ntchito mbalame. Dambo lili ngati chinkhupule, limamwa madzi osefukira n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likadzaza mchenga, madziwo amapita kuti? Ife a m'badwo uno yankho tikulidziwa. Tinaona Januwale wa 2015. Tinaona Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Ena mwa ife tinagonapo m'makalasi ndi m'matenti, ena anataya abale. Sindikunena kuti dambo likanaletsa namondwe, ayi. Koma dambo lakuya limasunga madzi ambiri kuposa dambo lokwiririka.

Ndisanamizire kuti nyama ndi abale athu okoma mtima. Azakhali anga chaka chatha mvuu zinawadyera chimanga cha m'dimba usiku umodzi wokha, thukuta la miyezi itatu. Nditawauza kuti ndikulemba zoteteza dambo anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, sukulu yakuwononga eti? Ukalembenso kuti mvuu zindibwezere chimanga changa." Sindinawayankhe, chifukwa akunena zoona. Chitetezo chimene sichiwerengera azakhali angawa chidzatha ngati cha 1897. Komanso ndi zoona kuti madimba athu afika m'njira zimene mvuu zimadutsa popita kokadya, ndipo mvuu zomwezo ndi zimene zimatsegula timisewu ta madzi timene mabwato ndi nsomba zimadutsamo. Nkhaniyi ndi yofunika kukhalirana pansi, osati kukuwirana.

Kwa amene mukufuna kukaona

Ambiri mwafunsa pa gulu lathu la WhatsApp kuti tidzapitanso liti. Tidzapita, koma mverani izi. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi akumwa okwanira ndi chipewa. Mukafika pa doko yambani mwapereka moni kwa eni malo, ndipo musalowe m'dambo popanda munthu wolidziwa. Opalasa alipireni bwino osanyinyirika, chifukwa tsiku limenelo asiya maukonde awo chifukwa cha inu, komanso msodzi akaona kuti mbalame yamoyo ikumubweretsera ndalama, sangaitchere msampha. Osasambira, osaviika manja m'madzi, osaimirira m'bwato pofuna kujambula. Mvuu ya mwana musayiyandikire ngakhale pang'ono. Nyimbo za pa foni zimitsani. Ife theka la ola loyamba sitinaone kanthu chifukwa cha phokoso lathu lomwe, mpaka opalasa anatikalipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mapepala a pulasitiki mubwerere nawo kunyumba.

Pempho langa ku kalabu

Livingstone anawerenga njovu n'kulemba, n'chifukwa chake lero tikudziwa chimene tinataya. Nanga ife tikuwerenga chiyani? Ndikupempha kuti kalabu igule kope limodzi lachikuto cholimba. Ulendo uliwonse tizilemba tsiku, malo, mbalame ndi nyama zimene taona ndi kuchuluka kwake. Aliyense afunse agogo ake maina a mbalame ndi nsomba m'Chimang'anja ndi m'Chisena, komanso zimene ankaziona kale zomwe lero kulibe, tizilembe momwemo akuluakuluwa adakali moyo. Ndipo pa 2 Febuluwale, lomwe ndi tsiku lokumbukira madambo pa dziko lonse, tikapemphe mafumu athu kuti tikhale pansi ndi asodzi, tikambirane za maukonde a udzudzu aja ndi za njira za mvuu. Azakhali anga ndawaitana kale, ndipo ati abwera ndi mawu awo.

Titatsika m'bwato tsiku lija, tinasonkha ndalama n'kuwapatsa bambo aja. Anati takhuta, kenako anamugwira paphewa kamnyamata kaja n'kumufunsa kuti waona mbalame zingati. Iye anawerenga pa zala n'kuti mitundu 9. Bambowo anati, "Uzikumbukire. Ine ndili ngati iwe ndikanakuwerengera zambiri kuposa pamenepo."

Mitundu 9 imeneyo ndi imene tiyambire kulemba pa tsamba loyamba la kope lathu. Amene muli ndi kangachepe kothandizira kugula kopelo, onanani ndi msungichuma Loweruka likudzali tikatha msonkhano.